Sadaka ya Che Amidu

Ntaja, Machinga
6 Seputembala 2020

Mdzukulu wanga Anwari,

Asalamu alaikumu. Ndine anganga ako Mwanjuma, koma dzanja ndi la mlongo wako Samira, ndiye zilembo zikakhota usanene ine. Kuno tadzuka bwino, kupatula mawondo angawa amene anandiukira kalekale. Kaya iwe ku Doha? Pa wailesi akuti korona wakutsekerani m'nyumba ngati nkhuku za mazira. Tiuze zoona, usatinamize.

Samira amafuna ndingoyankhula pa foni. Ndakana. Mawu a pa foni ndi mphepo. Alembe papepala, ajambule, akutumizire, pepalalo ndisunge ine. Iwenso uziyankha chimodzimodzi.

Tsopano tchera khutu. Lachisanu kunali sadaka kwa aneba athu, yokumbukira bambo awo. Mpunga unali wa nyama ya mbuzi, wokoma ndithu, koma ine sindinaumalize. Bambo anga ine, Che Amidu, palibe anawaphikirapo ngakhale mbale imodzi.

Iwe nkhaniyi umangoimva m'mphepete. Anapita ku nkhondo ya Majeremani ine ndili m'mimba. Anali khukhi wa azungu oyendetsa ndege. Anatumiza kalata imodzi ndi chithunzi chimodzi, kuti tili kudziko la Aluya. Nditabadwa, amayi anakalembetsa kalata kuboma yowauza kuti kwabadwa mwana wamkazi. Yankho ziii. Nkhondo itatha kunabwera msilikali wina wa kwa Kawinga, nati: "Amidu musamudikire, anathawa pakampu usiku, akuti anapeza mkazi wa Chiluya." Ine ndinakula ndikutchedwa mwana wa wothawa.

Pomwalira amayi anandigwira dzanja. Anati: "Ukadzamuphikira sadaka munthu amene anatitayayu, ine ndi iwe tisadzaonane pa Kiyama, tsiku la chiweruzo." Ndinalumbira. Lero ndili ndi zaka 78. Shehe akuti zaka zakwana, munthuyo pofika pano anamwalira basi, tingochita. Shehe sanagwidwe dzanja ndi amayi anga.

Ndiye iwe uli kwa Aluya konko. Funsafunsa. Ngati anasiya ana, uwadziwira makutu, ndi otambalala ngati akowo. Ngati anatitayadi, ndidziwe, ndife ndi lumbiro langa. Ngati sanatitaye, ndiwaphikire ndisanatsike m'manda. Samira wajambulanso kalata yakale ija ndi chithunzi chija. Ngodya yakuda ija ndi pamene amayi anayamba kuchiwotcha, kenako n'kuchitsomphola pamoto.

Ndine anganga ako,
Mwanjuma


Rawdat Al Khail, Doha
19 Seputembala 2020

Okondedwa anganga,

Wa alaikumu salamu. Ndili bwino, alihamudulillahi. Tinatestedwa tonse mu rumu mwathu, anthu asanu ndi mmodzi, ndipo palibe anapezeka nawo. Pepani ndachedwa kuyankha, mashifiti ake ndi a maawala thwelofu. Mawondowo muziwathowa ndi madzi otentha.

Anganga, kalata yanu ndinaiwerenga mu basi ya kampani, ndinaseka mpaka Mnepali amene ndimakhala naye mpando umodzi anafunsa ngati ndakwezedwa pantchito. Kwa Aluya si pamsika wa Ntaja ayi! Ndaona chidindo cha pa kalata yakaleyo, ndi cha ku Ijipiti. Kuchokera kuno ndi ulendo wa pa ndege. Komanso mu Doha muno Mluya weniweni ndimamuona mwa apo ndi apo, ali m'galimoto magalasi otseka, mutu atafunda nsalu. Makutuwo ndiwaona bwanji?

Koma nditatha kuseka ndinaiwerenganso. Sindinkadziwa za lumbirolo.

Hotela yathu ya ku Al Mirqab anaisandutsa ya kwarantini. Obwera kuchokera kunja amawatsekera m'zipinda, ine ntchito yanga ndi kukhala pa mpando mu korido kuti wina asatuluke. Mu 412 muli mzungu wachikulire, injiniya wokonza ndege. Kusungulumwa kwamupha. Akamatenga chakudya chimene timamusiyira pakhomo, amaima pamenepo n'kuyamba nkhani, ine ndili uko, iye ali uko. Supavaiza akaona amakuwa kuti "khalasi, khalasi," kutanthauza kuti basi zatha, koma mzunguyo samva.

Dzana ndinamutumizira chithunzi chija pa foni. Sanayang'ane n'komwe nkhope za anthu. Anakulitsa kumchira kwa ndege, kumene kuli zilembo ziwiri ndi manambala atatu. Akuti ndege iliyonse ya nkhondo inali ndi nambala yake, ndipo zimene inachita zinalembedwa. Akutinso kwawo kuli magulu a pa intaneti a anthu amene amakumbukira abale awo otayika ndi ndege zoponya mabomba. Wapositi chithunzicho kumeneko.

Musayembekezere zambiri, anganga. Iye akufufuza ndege, osati khukhi. Koma taonani mmene Che Amidu anjutira kutsogoloko, ketulo m'manja, mzungu wina atawaika dzanja paphewa. Ndipo makutuwo, eee, ndavomera, ndi anga.

Mdzukulu wanu,
Anwari


Rawdat Al Khail, Doha
30 Okutobala 2020

Amalume a Bakali,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apabanja, ndipo makina osokera akulirabe. Kalata iyi ndi yanu nokha. Samira asaione, chifukwa chimene Samira waona anganga amva.

Amalume, Che Amidu anamwalira. Inna lillahi wa inna ilaihi rajiuni. Anamwalira mu Novembala 1942.

Mzungu wa mu 412 uja anatuluka kale, koma sanandiiwale. Wandilumikiza ndi mayi wina wa ku Sikotilandi, mwana wa mlongo wake wa pailoti wa ndege ija. Mayiyu akuti ndegeyo inanyamuka usiku ku Ijipiti kukaponya mabomba padoko lina ku Libiya, ndipo sinabwerere. Pa pepala la kukampu panalembedwa anthu asanu ndi mmodzi. Patapita zaka zisanu, ndegeyo inapezeka m'chipululu, koma mitembo inali isanu ndi iwiri. Wachisanu ndi chiwiriyo anamuika m'manda opanda dzina, pafupi ndi anzakewo. Pambali pake anapezapo mikanda yopempherera ya tasibihi.

Mabanja a azunguwo akhala zaka zonsezi akufunsana kuti munthuyu anali ndani. Anali ndi kalata ya pailoti yotchula khukhi wawo, koma mabuku a kukampu ankati khukhiyo anathawa, ndipo iwo analibe chithunzi, analibe mudzi, analibe wachibale woti atsimikize. Mayi uja ataona chithunzi chathu akuti analira.

Nkhani ya kuthawa ija inabwera motere. Anawakweza m'ndege mobisa, malamulo sankalola. Kutacha, akuluakulu a pakampu poitana mayina anapeza khukhi palibe, n'kulemba kuti wathawa. Amene akanawatsutsa anali atagona m'chipululu. Za mkazi wa Chiluya ndiye mchere umene anthu anathira okha.

Ine mwana sindingauze anganga maliro a bambo awo. Uthenga wotere umadzera kwa inu. Samira anandiuza kuti BP yawo yakwera, ndiye muone nokha nthawi yabwino. Ine pakadali pano ndizingowalembera zina ndi zina.

Mphwanu,
Anwari


Ntaja
8 Novembala 2020

Mphwanga Anwari,

Wa alaikumu salamu. Tili bwino. Ntchito yachepa, anthu akungosoketsa mamasiki.

Kalata yako ndawerenga katatu. Wachita bwino kudzera kwa ine, unaleredwa. Ndakhala ndikuganiza kuti ineyo ndili mnyamata ndinamenyanapo ndi anthu pa dzina la agogo angawa, koma mumtima ndinkakhulupirira zomwezo zimene ankanenazo. Mulungu andikhululukire.

Amayi sali bwino. Lachiwiri ndinapita nawo kuchipatala pa kabaza, adokotala anati asamve zodzidzimutsa. Munthu wa zaka 78 kumuuza kuti bambo ako anapsa m'ndege, si kumupha kumeneko? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tidikire apeze kaye mphamvu, mwina mvula ikatha. Wadikira zaka zonsezi sangalephere miyezi ingapo.

Iwe ukhale chete. Ine ndi amene ndikudziwa poyambira.

Amalume ako,
Bakali


Ntaja, Machinga
12 Disembala 2020

Anwari,

Moni ndakupatsa chifukwa ndi lamulo la Mulungu. Za mawondo usafunse.

Kalata yako ya mwezi watha Samira anandiwerengera. Akuti ku Doha kwayamba kuzizira. Akuti lamulo lasintha, munthu ukhoza kusiya ntchito osapempha chilolezo kwa bwana, ndipo wapeza malo ena ku Al Nasr. Zabwino zonse. Koma ine ndinakufunsa za kuzizira? Mzungu wako wa m'chipinda uja anamezedwa ndi ng'ona?

Mukundiyesa khanda, iwe ndi amalume akowo. Bakali ndinamubereka ine. Akanama amakanda khosi kuyambira ali wamng'ono. Masiku ano akalowa m'nyumba muno amayang'ana kudenga ngati akuwerenga mapaso, khosi lonse zikande zokhazokha. Ndikati kodi Anwari wanenapo kanthu, akuti: "Amayi, mwamwa mankhwala?" Foni yako ikalira amakayankhira kuseri kwa bafa.

Ndiye ndadziwa. Mwawapeza. Chinthu chimene amuna awiri angandibisire chonchi ndi chimodzi chokha: msilikali uja ananena zoona. Ndiuze, alipo angati ana a mkazi wa Chiluyayo? Ali ndi nyumba zosanja? Akulandira bwino, ndiye ukuchita manyazi kuwauza kuti kuno kuli nkhalamba ina yosweka zidendene imene bambo awo anaisiya m'mimba? Usawauze. Sindikufuna sopo wawo.

Amayi anga ankadziwa. Ine chitsiru ndinkati mwina, mwina. Ndikuuze chinsinsi, poti zatha. Chaka chilichonse ndikakolola ndinkapatula thumba la mpunga wa sadaka yawo, kuti mwina chaka chino. Likafika Disembala ndinkalitsegula mwakachetechete tidye. La chaka chino sindikufuna kuliona. Ndamuuza Samira akaligulitse.

Mtima wanga wawawa, Anwari. Sindinadziwe kuti pa msinkhu uno ungawawe chonchi chifukwa cha munthu amene sindinamuonepo. Nkhaniyi usaifufuzenso.

Mwanjuma

Achimwene, apa ndikulemba ndine Samira, iwo sakudziwa. Lero ndi tsiku lachitatu akungomwa tiyi. Mankhwala akukana. Sindikudziwa chimene mukubisa ndi amalume, koma chilichonse chimene chili, sichingapose ichi. Mpunga sindinagulitse, ndaubisa kwa aneba. Yankhani lero.


Al Nasr, Doha
13 Disembala 2020

Anganga,

Asalamu alaikumu. Ndikulemba nditaimirira pa geti, supavaiza akandiona zake zimenezo. Amalume andikhululukire, ndawalumpha. Samira, khala nawo pafupi, werenga pang'onopang'ono.

Anganga, kulibe mkazi wa Chiluya. Kulibe ana. Bambo anu sanathawe. Anamwalira mu Novembala 1942, inu muli ndi miyezi inayi. Ndege ya pachithunzi ija inapita usiku kukaponya mabomba, iwo ali momwemo, ndipo inagwa m'chipululu. Onse asanu ndi awiri anathera pomwepo. Manda awo alipo ku Libiya, mumzere umodzi ndi azungu aja. Anawalemba kuti athawa chifukwa anakwera mobisa, ndipo odziwa zoona anafera limodzi nawo.

Ndadziwa kuyambira Okutobala. Tinkaopa kuti uthenga wa maliro ukudwalitsani. Sitinaganize kuti kukhala chete kwathu mukumva mwina. Ndalakwa, anganga, ndalakwa kwambiri.

Pali kalata imene pailoti analembera mayi ake kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke ulendo womaliza uja. Mwana wa mlongo wake, mayi wa ku Sikotilandi, wanditumizira chithunzi chake. Ndamasulira ndime imene ikukukhudzani:

"Khukhi wathu Amidu, wa ku Nyasaland, walandira kalata yoti mkazi wake wabereka mwana wamkazi. Sangathe kuwerenga, ndiye wazungulira nayo kampu yonse, aliyense amuwerengere, ngati kuti mawu asintha. Ine ndamuwerengera kawiri. Mwanayo dzina lake ndi Mwanjuma, ndipo watiphunzitsa tonse kulitchula mpaka takhoza. Lero tiyi anali ndi shuga wambiri kuposa masiku onse. Akuti akadzabwerera kwawo akufuna adzamuuze mwanayo kuti bambo ako anaulukapo kumwamba, anaona nyenyezi pafupi. Watichonderera kwa mlungu wathunthu. Mawa timutenga, koma musauze munthu."

Anganga, kalata ya amayi anu inafika. Dzina lanu lili apo, lolembedwa ndi dzanja la mzungu amene anafa mawa lake. Samira akuonetseni, lili pa mzere wachisanu, ndalizunguliza ndi chofiira.

Mayi uja akuti chaka chilichonse mu Novembala mabanja asanu ndi limodzi aja amakumana, n'kuwerenga mayina a anthu awo. Pomaliza ankati "ndi mnzawo amene sitikumudziwa." Chaka chino anakumana pa foni chifukwa cha korona, ndipo kwa nthawi yoyamba anatchula Amidu. Akupempha chilolezo chanu kuti ayambe kuyendetsa mapepala oti dzinalo lilembedwe pamanda. Akuti zitenga nthawi. Ndawauza kuti mwini wake ndi inu.

Chonde idyani kanthu.

Mdzukulu wanu wolakwa,
Anwari


Ntaja, Machinga
24 Januwale 2021

Mdzukulu wanga Anwari,

Asalamu alaikumu. Ndadzuka bwino. Ndikudya, usadandaule, Samira akuti ndikumumalizira ndiwo. Kaya iwe pa geti pako? Uzivala chophimba pakamwacho, kuno matendawa abweranso mwaukali.

Masiku onsewa wakhala ukumva za ine kudzera kwa Samira. Sindinafune kukulembera ntchito isanatheke. Komanso ndimafuna nawe ulaweko kudikira.

Tsiku lija Samira atafika pa dzina langa ndinamuuza abwereze. Anabwereza kanayi. Ndinagwira foniyo, chala changa n'kuphimba dzina lonse, iye n'kumakuwa kuti anganga mufufuta. Kenako ndinaitanitsa phala. Bakali anabwera akuthamanga, tepi yoyezera ili m'khosi, kuti amayi akomoka. Anandipeza ndikunyambita supuni. Ndinamuuza kuti: "Iwe ndi mphwako nzeru zanu n'zofanana, zonse pamodzi sizingadzaze chibekete cha machesi. Munaona kuti maliro ndiwo angandiphe? Ine ndakhala ndikupempha Mulungu maliro amenewa kuyambira ndili namwali." Analira mwana wanga, bambo wa imvi. Ndinamusiya alire.

Shehe anati tiwerenge masiku makumi anayi kuchokera tsiku limene uthenga unafika, ngati kuti amwalira tsiku lomwelo. Anakwana Lachisanu lapitali. Boma likuti pamsonkhano pasapitirire anthu makumi asanu, ndiye tinaitana ochepa, ena tinawatumizira m'mabeseni. Mpunga uja Samira anakautenga kumene anaubisa, wakuba ameneyu. Bakali anapha mbuzi. Pa pemphero la duwa shehe anatchula dzina la bambo anga mokweza, anthu onse n'kuyankha amina. Anwari, ine dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo likutchulidwa pagulu popanda wina kutsonya.

Za azungu asanu ndi mmodzi aja shehe anati duwa yathu siingawafikire, si Asilamu. Sindinatsutsane naye. Ndinangopakula mbale zisanu ndi imodzi, nyama yambiri, n'kutumiza kwa Mayi Felister a ku Katolika aja, kuti iwo ndi anzawo adye, apemphere mmene amapempherera kwawoko. Anthu amene anaphunzira kutchula dzina langa sangagone ndi njala pa sadaka yanga. Ndakwiya nawo pang'ono, pomutenga munthu wa mwana wakhanda kupita naye kumabomba. Koma anachita kuwachonderera yekha. Uliuma umenewu ndikuudziwa, uli mwa ine, uli mwa iwe.

Mayi wa ku Sikotilandi umuuze kuti ndalola. Alembe kuti Amidu, bambo wa Mwanjuma, wa ku Ntaja.

Kumanda ife akazi sitilowa, ndiye ndinatuma Bakali kwa amayi anga. Ndinamupatsa mawu ambiri oti akanene, za ndege, za kalata, za shuga mu tiyi. Pobwera ndinamufunsa ngati wanena zonse. Akuti atafika pamandapo zonse zinamuthawa, anangoti: "Anganga, kalata yanu inafika. Sanakuthaweni." Ndinati basi, zakwana. Lumbiro langa linali la munthu wotitaya, ndipo munthu wotero kunalibe. Pa Kiyama tikaonana ndi amayi.

Chinthu chimodzi chinandichititsa manyazi. Anandikhazika pamphasa ngati mwini maliro, azimayi n'kumabwera mmodzimmodzi kudzandigwira dzanja. Aliyense akuti pepani, pepani, mwataya bambo. Ine misozi ili chuchuchu, koma mano onse anayi ali pamtunda, kulephera kutseka pakamwa. Samira ankanditsina kuti anganga anthu akuonani. Mayi wina wachikulire, amene tinkasewera limodzi tili ana, yemwe ankandiimba nyimbo ya mwana wa wothawa kudambo, anagwada n'kunena kuti: "Pepa Mwanjuma, unali mwana wamasiye ife osadziwa."

Ndinamuuza anenenso. Ananenanso. Zaka 78, Anwari, palibe anandiitanapo dzina lokoma ngati limenelo.

Ndine anganga ako,
Mwanjuma binti Amidu